Kuphunzitsa mwana piyano: kuyambira tsiku loyamba mpaka manja awiri agwirizane

Funso la mmene mwana angaphunzitsidwire piyano limabwera kuchokera mbali ziwiri. Kholo lagula kiyibodi, mwana wayamba maphunziro, koma pakutha pa miyezi iwiri sakufunanso n'kuyiona komwe, ndiye kholo likufunsa kuti chalakwika n'chiyani. Mbali inayo ndi mnyamata kapena mtsikana amene amaimba bwino kutchalitchi, anthu amupempha kuti aziphunzitsa ana awo, iye wavomera, koma akusowa poyambira chifukwa mwiniwakeyo anaphunzira ndi khutu basi. Yankho la onse awiri ndi limodzi, ndiye ndalilemba pano kuti wofunsa azingowerenga. Ndikunena za mwana wa zaka 6 mpaka 12 amene sanagwirepo chida chilichonse choimbira. Wamkulu angatsate zomwezi, kungoti pena ndi pena iye amafulumirako.

1. Yambani mwaona chida chimene mwana ali nacho kunyumba

Piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Makiyibodi ambiri amene timawaona m'matchalitchi, a Yamaha PSR kapena a Casio, ali ndi makiyi 61, ndipo poyambira amenewa ndi okwana. Choti muyang'ane ndi zinthu ziwiri. Makiyi akhale a saizi yeniyeni, osati timakiyi tating'ono ta zidole, chifukwa dzanja likazolowera mipata yopapatiza lidzasochera pa chida chenicheni. Kenako yesani chimene ogulitsa amachitcha touch response: mukakhudza mofatsa imveke chapansipansi, mukadina mwamphamvu imveke mokweza. Kiyibodi imene imalira chimodzimodzi ngakhale mudine bwanji imaphunzitsa mwana kubaya makiyi, osati kuimba. Chimene Bartolomeo Cristofori anatulukira ku Florence cha m'ma 1700 chinali chimenechi, kanyundo komenya waya molingana ndi mphamvu ya chala, ndiye chida chopanda khalidwe limeneli chataya chinthu chimene chimaipanga piyano kukhala piyano.

Makiyi olemera, ngati a Yamaha P-45, adzafunika mtsogolo, makamaka mwana akamapita ku mayeso. Musakakamize makolo kugula zodula mwezi woyamba.

Makiyibodi ang'onoang'ono ambiri amayendera mabatire 6 a AA, choncho kuthima kwa magetsi sichifukwa chodumphira tsiku. Koma magetsi akathima zulani adaputa kukhoma, chifukwa akamabwerera ndi pamene amawotcha zinthu. Amene muli ndi piyano ya matabwa ndi mawaya, musaiyike moyandikana ndi windo kapena khoma lolowa chinyezi, muziitsegula pansi ndi pamwamba nthawi ndi nthawi kuona ngati makoswe ndi chiswe sizinalowemo, ndipo katswiri aziichuna kamodzi pachaka osachepera. Makoswe amakonda kudya nsalu zofewa za pa tinyundo.

2. Khalani pansi ndi makolo phunziro loyamba lisanachitike

Phunziro ndi mphindi 30 kamodzi pa sabata. Masiku 6 otsalawo mphunzitsi palibe, ndipo ndi m'masiku amenewo mmene mwana amaphunzira kapena kuiwala. Auzeni makolo zimenezi mosabisa. Agwirizane nanu za nthawi yeniyeni imene mwana aziyeserera tsiku lililonse, mphindi 10 mpaka 15 poyamba, nthawi yomangirira ku chinthu china chimene chimachitika kale, monga akangovula yunifomu kapena asanasambe madzulo. "Aziyeserera akapeza mpata" ndiye kuti sadzayeserera.

Pomwepo malizaninso nkhani ya ndalama: mtengo, tsiku lolipira, komanso chimene chichitike mwana akajomba osatsanzika. Aphunzitsi atsopano amachita manyazi kutchula zimenezi, makamaka kwa anthu a mpingo umodzi, kenako pakapita miyezi ubale umawonongeka chifukwa cha ngongole. Nenani lero, lembani m'kope.

Kope limenelo ndi chida chachiwiri kufunika kwake. Mulembemo ntchito ya sabata iliyonse, ndipo kholo liziika chizindikiro tsiku lililonse mwana akayeserera.

Pophunzitsa, chitseko chikhale chotsegula, ndipo kholo kapena wachikulire wina akhale pafupi. Musanagwire dzanja la mwana kuti muliwongole, mufunseni kaye. Izi zimateteza mwana komanso zimateteza inu.

3. Kakhalidwe ka pampando ndi kaikidwe ka dzanja

Mwana akhale chakutsogolo kwa mpando, osatsamira. Akaika zala pa makiyi, mkono kuyambira pachigongono mpaka pamene timavala wotchi ukhale wolingana ndi makiyiwo, osaloza m'mwamba kapena pansi. Mipando yapulasitiki ya m'nyumba zathu imakhala yotsika kwa mwana, ndiye ikanipo mabuku kapena khushoni yolimba. Miyendo isalendewere: ikani kampando kapena njerwa pansi kuti mapazi aponde. Mwana amene mapazi ake ali lendelende amagwiritsa manja podzichirikiza, ndipo mapewa amakwera mpaka m'makutu.

Kuti apeze kaikidwe ka dzanja, aike dzanja pabondo lake momasuka, kenako alinyamule momwemo n'kuliika pa makiyi. Zala zimakhala zopindika pang'ono zokha. Cholakwika chofala ndi mfundo yomaliza ya chala, yapafupi ndi chikhadabo, kupindikira mkati akamadina. Chiwongoleni sabata zoyambirira zomwezi, chifukwa chikakhazikika chimatenga miyezi. Zikhadabo ziwengedwe, zikatalika mwana amagoneka zala kuti zisamagogode.

Zala zili ndi manambala, ndipo ndi omwewo ku manja onse: chala chachikulu ndi 1, chamkombaphala ndi 2, chapakati ndi 3, chovala mphete ndi 4, kakang'ono ndi 5. Jambulani manja a mwanayo papepala, alembe yekha manambalawo. Ana amasokoneza dzanja lamanzere chifukwa manambala ake amayenda chobwerera, choncho muzimufunsa mwadzidzidzi: "Gwedeza 2 wa kumanzere."

4. Aphunzire makiyi poyang'ana akuda

Makiyi akuda ali m'magulu, awiri kenako atatu, awiri kenako atatu, mpaka kumapeto. Mapu onse ndi amenewo. Woyera amene ali pakati pa akuda awiri ndi D. Mwana apeze ma D onse kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Kumanzere kwa D kuli C, kumanja kuli E. Sabata yotsatira onjezani F, amene ali kumanzere kwa akuda atatu, ndi B amene ali kumanja kwawo, kenako G ndi A pakati. C amene ali chapakati pa chida, pafupi ndi dzina la kampani, ndiye C wapakati, ndipo pafupifupi zonse za chaka choyamba zimazungulira iyeyo.

Musalembe zilembo pa makiyi ndi cholembera, musamatepo timapepala. Zimaoneka ngati thandizo, koma mwana amawerenga timapepalato m'malo mwa makiyi, ndipo tsiku limene adzakhale pa kiyibodi ya kutchalitchi yopanda timapepala adzangoti kakasi.

5. Kagundidwe kayambe, kuwerenga kubwere pambuyo

Asanaone noti (chizindikiro cha liwu la nyimbo) iliyonse papepala, mwana aziwomba m'manja motsatira inu, akuwerenga mokweza 1, 2, 3, 4. Noti yotchedwa crotchet ndi biti imodzi (kugunda kumodzi), minim ndi mabiti 2, semibreve ndi mabiti 4, quaver ndi theka la biti. Pa ana aang'ono kunena "ta" pa crotchet ndi "ti-ti" pa ma quaver awiri kumagwira msanga kuposa manambala. Chofunika n'chakuti pakamwa pazituluka mawu. Mwana amene akuti akuwerenga chamumtima nthawi zambiri sakuwerenga. Ana athu ambiri amabwera ndi kagundidwe kale m'thupi kuchokera ku magule ndi kwaya, ndiye gawo ili silichedwa. Vuto lawo limakhala kudikira noti yaitali mpaka ithe. Minim amaidula, semibreve amaidula kwambiri.

6. Kuchoka pa sofa kupita pa sitafu

Amene anakulira m'kwaya amadziwa d r m f s l t, kalembedwe ka nyimbo kotchedwa sofa kamene John Curwen anafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo kanafika kuno ndi amishoni. Musakataye. Ndi khutu lophunzitsidwa kale. Koma mwana amvetse kusiyana kwake: do amasuntha, pamene C sasuntha. Pamwamba pa nyimbo ya sofa pamalembedwa Key C kapena Key F, ndipo mawu akuti key apa sakunena za batani limodzi, akunena za pamene do wakhala. Mu Key C, do ndi C. Mu Key G, do ndi G ndipo ti amagwera pa wakuda, F sharp. Mu Key F, do ndi F ndipo fa amagwera pa B flat. Mwana aimbe ndi pakamwa kuchokera pa do mpaka do wapamwamba kuyambira pa G, akudina oyera okhaokha. Khutu lake lidzakana lokha akafika pa F, ndipo adzafunafuna yekha wakudayo. Akampeza yekha saiwala.

Sitafu ndi mizere isanu yopingasa imene pamalembedwa manoti. Piyano imagwiritsa ntchito masitafu awiri, yapamwamba kawirikawiri ya dzanja lamanja, yapansi ya lamanzere. Musaloweze mwana manoti onse nthawi imodzi. Mpatseni atatu okha ozindikirira: C wapakati, amene amakhala pa kamzere kakekake pakati pa masitafu awiriwo, G wa pa mzere wachiwiri kuchokera pansi pa sitafu yapamwamba, pamene chizindikiro cha treble clef chimazungulira, ndi F wa pa mzere wachinayi pa sitafu yapansi, pakati pa timadontho tiwiri ta bass clef. Ena onse awapeze poyenda kuchokera pa atatuwa. Kuchoka pa mzere kupita pa mpata woyandikana nawo ndi sitepe imodzi, kiyi wotsatira. Kuchoka pa mzere kupita pa mzere wotsatira ndi kudumpha kiyi mmodzi. Wowerenga bwino amaona kuti nyimbo yakwera, yatsika kapena yadumpha. Satchula dzina la noti iliyonse.

Chenjezo kwa aphunzitsi oimba ndi khutu: musamuimbire mwana nyimbo yatsopano asanayese kuiwerenga. Mwana wa khutu labwino amangokopera zimene wamva, maso ali papepala ngati akuwerenga, ndipo mutha kutha chaka osazindikira. Muyeseni pomulozera bar (kachigawo ka nyimbo kokhala pakati pa mizere iwiri yoimirira) yapakati n'kumuuza kuti ayambire pamenepo. Komanso sitafu yapansi ipatsidwe nthawi yofanana ndi yapamwamba kuyambira pachiyambi, apo ayi dzanja lamanzere lidzakhala lotsalira mpaka kalekale.

7. Kuphatikiza manja awiri

Apa ndi pamene ana ambiri amagwa ulesi, ndipo mabuku ambiri amangolemba kuti "tsopano imbani ndi manja onse" ngati ndi nkhani yaing'ono. Mwana amaimba bwinobwino ndi dzanja lamanja, amaimba bwinobwino ndi lamanzere, akaphatikiza zonse zimabalalika. Iye amaganiza kuti ndi mbuli, kholo limaganiza kuti akuchitira dala, mphunzitsi amangoti "bwerezanso." Onse atatu alakwitsa. Kuimba ndi manja awiri si kuwonkhetsa zinthu ziwiri zimene akuzidziwa kale, ndi ntchito yachitatu yatsopano imene ubongo uyenera kuiphunzira payokha. Zili ngati anthu awiri osinja mu mtondo umodzi: aliyense amatha kusinja, koma akapanda kudziwa nthawi imene munsi wa mnzake ukutsika, minsi imawombana.

Choyamba, musafike pa nyimbo ya manja awiri mwadzidzidzi. Pali makwerero ake, ndipo lililonse litenge sabata imodzi kapena ziwiri. Yambani ndi nyimbo zimene manja amalandizana, lamanja likaimba lamanzere likupuma. Kenako lamanzere ligwire C ndi G pamodzi, ndi zala 5 ndi 1, kwa mabiti 4, pamene lamanja likuyenda. Kenako zala zazikulu zonse ziwiri zikhale pa C wapakati, manja aziyenda motalikirana n'kubwereranso. Izi n'zosavuta chifukwa manambala a zala ndi ofanana, 1 ndi 1, 2 ndi 2. Pambuyo pake ndiye manja ayende mbali imodzi, pamene lamanja lili pa 1 lamanzere lili pa 5, ndipo 3 yekha ndiye amakumana ndi 3 mnzake. Ambiri amayambira pomalizira pano chifukwa pamaoneka pophweka, koma ndi povuta kuposa ponse tatchulapa.

Mukafika pa nyimbo yeniyeni, tsatani dongosolo ili osadumpha.

Dzanja lamanzere lidziwike kuposa lamanja. Muyeso wake ndi uwu: mwana aimbe lamanzere pa makiyi uku akuimba ndi pakamwa mbali ya lamanja mu sofa, kapena inu muziimba lamanja iye lamanzere. Akamaphonya pamenepa, sanakonzeke.

Tengani pensulo, mulembe mizere yoimirira yolumikiza noti ya pamwamba ndi ya pansi paliponse pamene manja akudina nthawi imodzi. Mwana aone ndi maso kuti nyimbo imawerengedwa choimirira tsopano, osati chopingasa kokha. Pa biti iliyonse pali zinthu zitatu zokha zimene zingachitike: onse (manja awiri pamodzi), manja (lamanja lokha), kapena manzere (lamanzere lokha).

Tsekani piyano, kapena zimitsani kiyibodi. Mwana amenye pa maondo, akutchula mokweza chimene chikuchitika. Tiyerekeze bar ya mabiti 4 imene lamanja likuimba C, E, D, F, biti imodziimodzi, pamene lamanzere likuimba C wa mabiti 2 kenako G wa mabiti 2. Mwana anene kuti "onse, manja, onse, manja," kenako "onse" wa bar yotsatira, dzanja lamanzere likukhala pabondo osanyamuka pa "manja." Abwereze mpaka pakamwa ndi manja zigwirizane popanda kuganiza. Kenako achite zomwezo ndi zala zoyenera pa thebulo. Kuchotsa kulira kwa chida kumamuchepetsera zoganiza, ndipo mwana wa khutu labwino sathamangira kumva nyimbo.

Tsopano pa makiyi, koma pa liwiro la theka la limene amaimbira dzanja limodzi, ngakhale kuchepera apo. Ikani metronome, kachida kogogoda mabiti kamene kamapezeka ngati app yaulere pa foni, pa 50 kapena 60. Pa 60 ndiye kuti biti imodzi pa sekondi. Ngati akulakwitsabe, liwiro lachulukabe. Zimitsani metronome, ayime pa noti iliyonse, akonzekeretse zala zonse ziwiri pamwamba pa makiyi otsatira, ndiyeno adine. Kuchedwa sikuwononga kanthu. Kudina molakwika kasanu ndi kumene kumaphunzitsa chala njira yolakwikayo.

Atenge bar imodzi yokha kuphatikizapo noti yoyamba ya bar yotsatira. Noti yowonjezerayo ndi mlatho. Popanda iyo mudzakhala ndi mwana woimba bar iliyonse bwino koma woima pa mzere uliwonse. Ikani njere zitatu za nyemba kumanzere kwa chida. Akaimba bwino, nyemba imodzi ipite kumanja. Akalakwitsa, zonse zibwerere kumanzere. Zitatu zikawoloka motsatizana, apite pa bar yachiwiri, kenako aphatikize yoyamba ndi yachiwiri. Ana amakwiya nazo nyembazi tsiku loyamba, koma mudzaona mmene amadekhera nyemba yachitatu ikatsala, ndipo kudekha kumeneko ndi kumene tikufuna. Kwa mwana wa zaka 6 kapena 7 amene sachedwa kulira, bwezani nyemba imodzi yokha.

Pali zolakwika zinayi zimene mudzakumana nazo ndithu. Choyamba, dzanja lamanja likanyamuka kuti libwereze noti yomweyo, monga E kawiri, lamanzere nalo limanyamuka pamene limayenera kugwirabe. Mankhwala ake: lamanzere ligwire C osasiya, lamanja lidine E kasanu ndi katatu, mwana akuyang'anitsitsa lamanzerelo. Kenako asinthanitse. Chachiwiri ndi kuima pamene lamanzere likusintha malo. Yeserani kusinthako pakokha, biti yomaliza ndi yoyamba basi, ndipo muphunzitseni kuti maso azitsogola, aziona kumene dzanja likupita lisananyamuke. Chachitatu, lamanzere limaphimba nyimbo chifukwa mawu a kumunsi ndi aakulu mwachibadwa. Lamanzere lingokhudza makiyi osawadina pamene lamanja likuimba mokweza. Kenako lidine pang'ono kwambiri, n'kumawonjezera. Izi zimatheka pa chida chokhala ndi touch response chokha. Chachinayi sichimveka, chimaoneka: mwana wasiya kupuma, wakweza mapewa, walumanitsa mano. Muimitseni, agwetse manja m'mbali, apume, ayambirenso pang'onopang'ono.

Muuzeni mwana ndi kholo lomwe pasadakhale kuti pa sitepe iyi nyimbo zidzamveka ngati zabwerera m'mbuyo kwa sabata zingapo. Akadziwiratu sataya mtima. Ndipo pa nthawi imeneyi musiyireni nyimbo imodzi yosavuta imene amaikonda, yoti aziimba pomaliza tsiku lililonse.

8. Ntchito ya kholo pa masiku 6 aja

Inu makolo simukufunika kudziwa piyano. Mukufunika kukhalapo. Kwa mwana wosapitirira zaka 9, khalani naye m'chipindamo, zimitsani TV, tsegulani kope, muwerengereni ntchito. Mphindi 15 zigawidwe motere: 2 za zala ndi scale (kukwera ndi kutsika manoti motsatizana, kuchokera pa do mpaka do wapamwamba), 8 za malo ovuta amene mphunzitsi wazunguliza ndi pensulo, 3 za kuwerenga kanyimbo katsopano kosavuta, 2 za chilichonse chimene akufuna.

Mukamva mwana akuyamba nyimbo pachiyambi, kufika pamalo pena n'kulakwitsa, kubwereranso pachiyambi, kulakwitsanso pomwepo, dziwani kuti sakuyeserera, akungotha nthawi. Funso lanu likhale lakuti, "Povuta ndi pati? Tandionetsa pomwepo pokha." Kuyeserera kwabwino sikukoma m'khutu, kumamveka ngati kachidutswa kamodzi kobwerezedwabwerezedwa pang'onopang'ono.

Musamukalipire kapena kumumenya chifukwa cha noti yolakwika, ndipo musasandutse piyano chilango. Musamuyerekeze ndi mwana wa aneba amene akuimba kale kutchalitchi. Poyamikira tchulani chinthu chenicheni: "Lero sunaime pamalo paja unkaima dzulo." Alendo akabwera musamukakamize kuimba nyimbo imene sanaimalize, mufunseni ngati akufuna, asankhe yekha.

Nanu aphunzitsi, lembani ntchito yomveka. "Yeserera tsamba 12" sikuthandiza aliyense. Lembani kuti "tsamba 12, bar 5 mpaka 8, manja onse, metronome 56, nyemba zitatu, tsiku lililonse." Mphindi 5 zomaliza za phunziro mwana achite ntchitoyo pamaso panu monga adzachitire kunyumba. Ngati kholo lili ndi foni, lijambule kavidiyo ka manja anu mukuimba malo ovutawo pang'onopang'ono, kuti Lachinayi akaiwala akhale ndi poonera.

9. Scale, machord ndi batani la transpose

Scale ya C ibwere manja akakhazikika pa makiyi asanu. Dzanja lamanja pokwera ndi 1 2 3 1 2 3 4 5, chala chachikulu chikudutsa pansi pa 3 kupita pa F. Lamanzere pokwera ndi 5 4 3 2 1 3 2 1. Chala chachikulu chiyambe kulowa pansi 2 akangodina, osadikira mpaka nthawi yake itakwana, ndipo chigongono chisatukuke. Kenako G, D ndi F. Mu F dzanja lamanja limasintha kukhala 1 2 3 4 1 2 3 4 chifukwa cha B flat.

Machord (manoti angapo odinidwa pamodzi) atatu, a do, fa ndi so, amanyamula nyimbo zambiri za kwaya. Mu Key C dzanja lamanzere ligwire C E G ndi zala 5 3 1, kenako C F A ndi 5 2 1, kenako B D G ndi 5 3 1. Mwanjira imeneyi dzanja silidumpha. Mwana akatha izi angathe kuperekeza kolasi ya ku Sande sukulu, ndipo palibe chimene chimamulimbikitsa kuposa kuona kuti anthu akuimba motsatira iye.

Batani la transpose, losuntha key popanda kusuntha zala, lathandiza oimba ambiri Lamulungu m'mawa, koma lapundulanso ambiri amene amadziwa key imodzi yokha. Pa phunziro lisakhudzidwe. Nyimbo imene waidziwa mu C aisamutse ndi zala zake kupita mu G ndi mu F. Mabatani a ng'oma ndi zoperekeza zodziimba zokha nawonso adikire kumapeto kwa nthawi yoyeserera, chifukwa amabisa zolakwika.

10. Za mayeso

Makolo amafunsa za satifiketi msanga. Mabungwe odziwika kwambiri ndi awiri a ku London, ABRSM limene linakhazikitsidwa mu 1889, ndi Trinity College London. Onse ali ndi Initial Grade kenako Grade 1 mpaka 8. Pa mayeso a ABRSM a pamaso pa woyesa, mwana amaimba nyimbo zitatu za malikisi 30 iliyonse, ma scale a malikisi 21, kuwerenga nyimbo imene sanaionepo kwa malikisi 21, ndi mayeso a khutu a malikisi 18. Zonse pamodzi ndi 150. Kukhoza ndi 100, merit ndi 120, distinction ndi 130. Kuyambira mu 2020 kulinso ma Performance Grade, amene mwana amaimba nyimbo zinayi motsatizana, n'kujambulidwa pa vidiyo imodzi yosadula, kenako kutumiza pa intaneti, zomwe zimathandiza amene ali kutali ndi malo olembera. Wofuna Grade 6 kupita m'tsogolo ku ABRSM ayenera kukhoza kaye Grade 5 ya theory kapena china chofanana nacho chimene bungwelo limavomereza, choncho zolembalemba musazisiye m'mbuyo.

Grade 1 si ya mwana wa miyezi itatu. Ambiri amafunika chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Cholakwika chachikulu ndi kutha chaka chonse pa nyimbo zitatu za mayeso zokha: mwana amakhoza, koma mukamupatsa nyimbo yachinayi sangaiwerenge. Mulembetseni pokhapokha nyimbo za mulingo umenewo akuziphunzira m'sabata zochepa, ndipo pambali pa za mayeso aziphunzira tinyimbo tosavuta tambiri. Musanalipire, tsegulani silabasi ya chaka chimenecho pa webusaiti ya bungwelo, chifukwa mndandanda wa nyimbo umasintha, ndipo muwerengenso zimene akufuna pa chida: ngati ndi piyano ya magetsi amayembekezera ya makiyi olemera a saizi yeniyeni yokhala ndi pedulo, ndiye ngati kunyumba kuli ya makiyi 61 pemphani kusukulu kapena kumpingo kumene kuli yoyenera kuti mwana aziyesererapo kamodzi pa sabata kwa miyezi iwiri mayeso asanafike.